Mphuno ya Argia

Kwathu ku Limaia munthu akamwalira, anthu safunsa za munda kapena nyumba, amafunsa kuti zikombole zake atenga ndani. Za alamu anga, a Duilio Lenzini, zinatengedwa ndi khonsolo, ndipo lero zili m'bokosi lagalasi pansi pa dzina la munthu amene sanabadwepo. Ife a m'phiri muno ndife anthu a pulasitala, ndipo pa nkhani yonamizira maina si ife ana ayi. Agogo athu ankasenza ziboliboli pamutu mpaka ku Falansa ndi ku Amereka, nkhope imodzi yomweyo n'kumaigulitsa ngati woyera mtima kwa opemphera, ngati munthu wanzeru wamakedzana kwa osapemphera. Ankangosintha ndevu. Koma bodza limene linagwera a Duilio silinachokere kwa ife, linabwera pa galimoto ndi munthu wophunzira.

A Duilio anakwatira msuweni wanga Argia, ndipo ine Velia ndinagwira ntchito yopaka utoto m'shedi mwawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anali munthu wamfupi, wamimba, ndipo tsitsi lawo linayera ndi fumbi la pulasitala akadali mnyamata, moti ukalamba utabwera unasowa posintha. Ankanama ngati mwamuna wina aliyense: za vinyo amene amwa, za bowa amene apeza kunkhalango, za nthawi imene abwerere kunyumba. Pa ntchito pokha ndi pamene sankanama. Chiboliboli chikatuluka ndi kabowo patsaya ankachiswa, ngakhale ndiwauze kuti utoto ubisa. Dzina sankalemba pa chilichonse. Ukawafunsa ankati kodi wophika buledi amalemba dzina pa buledi?

Pafupifupi zonse zimene tinkapanga zinali zokopera, angelo, abusa a pa Khirisimasi, amphaka ogwedeza mutu. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene a Duilio anachitulutsa m'mutu mwawo, kuyambira pa dongo. Munali mu 1934, magetsi atalowa m'nyumba za m'tauni, aliyense akufuna nyale yoonetsa alendo. Anaumba mkazi wopanda nsapato, ataimira zala, atakweza mpira wagalasi ndi manja onse awiri, babu lili m'kati mwake. Mkaziyo anali Argia. Anamuona akutsitsa tchizi pamwamba pa kabati n'kumupempha kuti aime choncho. Anaimadi masabata atatu, Lamulungu lililonse Misa ikatha, atanyamula dzungu m'malo mwa galasi, akutukwana kuyambira apongozi ake mpaka mphaka. Nkhope imene akatswiri anadzaitcha yoyang'ana kumwamba ndi chiyembekezo, ndi nkhope ya mkazi amene akufunsa Mulungu chimene anamulakwira.

Nyaleyo inayenda malonda. Tinkaimaliza m'njira ziwiri. Zina tinkazipaka utoto wa mafuta, diresi lobiriwira, masaya ofiira. Zina tinkangozikhula ndi ufa wa mkuwa popanda mafuta kuti zioneke ngati zachitsulo, ndipo njira imeneyi timaitcha a secco, ndiye kuti pouma. Kuti ife opaka tisasokoneze, a Duilio ankalemba mawu awiriwo kunsi kwa nyale ndi msomali, pulasitala asanalimbe. Sukulu analekeza ali m'kalasi lachitatu ndipo zilembo zing'onozing'ono sanamvane nazo, choncho ankalemba A wamkulu, kenako n'kupumitsa msomali poganizira kalembedwe ka liwu lachiwiri. Popumirapo pankatsala kadontho. Kunsi kwa nyale mazanamazana kunalembedwa kuti A. Secco.

Chikombole chimatha ngati nsapato. Ukathiramo pulasitala kambirimbiri, m'makona mumayamba kufufutika, ndipo umayenera kubwerera ku chiboliboli choyamba kuti utengepo chikombole chatsopano. Chiboliboli chathu choyamba chinaphwanyika pa nkhondo, bomba litagwetsa denga la shedi, pamodzi ndi chithunzi cha ukwati wa a Duilio ndi Argia chomwe chinali chimodzi chokha. Kuyambira apo tinkatenga chikombole pa nyale, nyaleyo yotuluka m'chikombole chotha, mwana kubala mdzukulu, mdzukulu kubala mdzukulutubzi. Zala za kumapazi zinagwirana, tsitsi linasanduka chisoti, mphuno ya Argia inafupika n'kukhala yobulungira. Pa nkhani ya chala chaching'ono cha dzanja lamanzere la panyale ndinalipo. Argia anaponya nsapato yathabwa kulinga mwamuna wake chifukwa cha vinyo, inaphonya n'kugunda nyale imene inkadikira kutengedwa chikombole, chala n'kuthyoka. A Duilio anakana kuikonza, ati mkaziyo aziona ntchito ya manja ake. Nyale zonse za pambuyo pake zili ndi zala zinayi.

Argia anatisiya mu 1958 ndi matenda a m'chifuwa. Ana analibe. Zinthu za pulasitiki zitabwera tinatseka shedi, a Duilio n'kutsala ndi nkhuku zisanu ndi mpando wawo ku bala ya pabwalo. Loweruka lililonse ankatsikira kumanda ndi kabulashi ka ntchito kukachotsa fumbi m'zilembo za dzina la mkazi wawo. Maluwa sankatenga, ati Argia ankayetsemula nawo.

Patapita zaka kunayamba kubwera anthu a magalimoto ochokera ku Firenze ndi ku Milano, kumagogoda m'makomo kufunsa zinthu zakale. Nyale zimene tinkatchinjirizira zitseko za makola a nkhuku ankazikulunga m'mabulangete ngati makanda. Ankazitembenuza, kuwerenga kunsi, n'kuyang'anana. Ife tinkaganiza kuti akuona ming'alu. Palibe anatifunsa kanthu, ndipo kunena zoona, munthu akamagula chinthu chimene umafuna kutaya, sumuchedwetsa ndi mafunso.

Mu 1983 kunatuluka buku lalikulu, lolemera kuposa nyale yomwe. Analemba ndi a Pulofesa Tornaghi, munthu wamtali wa manja osalala amene sanaviikepo chala mu pulasitala. Bukulo linati A. Secco anali wosema wamkulu wa ku Venezia amene dziko linamuiwala, munthu wachisoni, wosakonda kuonekera, n'chifukwa chake dzina lake silipezeka m'kaundula aliyense. Linagawa ntchito yake m'nyengo zitatu. Yoyamba inali nyengo yotayika, ya mphuno yosongoka, imene a Pulofesa sanaionepo poti nyale zoyambirira zonse zinapita pa sitima ku Argentina, komabe anailembera masamba makumi anayi. Yomaliza inali nyengo yofewa, pamene mmisiri ati anasiya kusamala za thupi n'kuyamba kusema mzimu. Mkazi wa panyaleyo ati anali dona wa banja lolemera, chibwenzi chamseri cha Secco, ndipo chala chinadulidwa ndi mwamuna wake wansanje. Ife a ku Limaia tinatchulidwa pa tsamba limodzi, ngati manja osaphunzira amene Secco ankawatuma kuthira zikombole.

Meya wathu nthawi imeneyo anali Ademaro, mwana wa munthu amene ankakanda pulasitala m'shedi mwathu. Ademaro anakulira pansi pa tebulo langa, akunyambita mabulashi, ndipo ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la a secco. Koma ankadziwanso kuti mudzi wa kutsidya uli ndi mlatho wakale umene umaimitsa mabasi a alendo, pamene ife tinali ndi nkhalamba ndi nkhuku. Anayeretsa chipinda chimodzi ku khonsolo, anagulanso nyale imodzi kwa anthu a magalimoto aja, ya nyengo yofewa, mwina yomwe inkatchinjiriza khola la amayi ake, n'kuiika pansalu yofiira ndi kachikwangwani pambali.

A Duilio atamva za Secco anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthuyo atenge ulemu wonse, bola asabwere kudzafunsa nkhuku. Dzina la Secco, Wouma, ndiye kuti wowonda, linawasangalatsa kwambiri, ankasisita mimba akalitchula. Tinapita limodzi kukaona chipindacho, ndipo poti maso awo anali atafooka, anandiuza kuti ndiwawerengere kachikwangwani. Ndinawerenga mokweza, ngati wopusa, mpaka kufika pa mawu akuti chibwenzi chake chamseri. Kuseka kunathera pomwepo. Anavula chipewa, anachivalanso, n'kutuluka osandidikira.

Vuto linali loti aliyense wa msinkhu wathu ankadziwa kuti mkazi wa panyaleyo ndi Argia. Achinyamata anamva kwa makolo awo kuti ndi Argia, anawerenga ku khonsolo kuti ndi chibwenzi cha munthu wa ku Venezia, ndipo anangolumikiza ziwirizo. Pajatu kandimverere anakanena za m'maluwa. Pasanathe mwezi, mkazi wa wometa tsitsi anali akukumbukira bambo wina wa chipewa chakuda amene ankatsika basi Lachinayi. Ku bala, Fosco, mnzawo wa a Duilio kuyambira ku ubwana, sanathe kudzigwira.

"Duilio, tatiuza, Secco akabwera iwe unkagona kuti? M'shedi?"

Anzake anaseka chikhakhali. A Duilio anasiya vinyo m'tambula, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Loweruka lotsatira anapeza duwa lofiira pamanda a Argia, ndi kakalata kosasaina konena za chikondi choletsedwa. Anabwera nako kwathu. Ine ndinapsa mtima, komanso ndinawamvera chisoni kwambiri. Argia anali ndi pakamwa poipa, inde, ndipo ndinakangana naye kosawerengeka, koma mwamuna wina sanamuyang'anepo, ndipo akanakhala moyo, mkazi wa wometa tsitsi uja akanasamuka.

Anapita kwa Ademaro kukapempha kuti achotse mawu atatu okha. Ademaro anawapatsa mpando ndi khofi, anawatchula kuti amalume, n'kuwauza kuti a Pulofesa ali ndi buku, kodi iwo ali ndi buku? Anawonjeza kuti mabasi awiri afika kale ndipo mwini bala wagula mipando yatsopano.

A Pulofesa atabwera kudzalankhula kwa alendo, a Duilio anakweza chikombole pa wilibala, ine n'kunyamula ndowa ndi thumba la pulasitala. Tinawapeza m'chipinda muja alendo atapita kukadya. A Pulofesa anayang'ana chikombolecho mwachifundo, n'kunena kuti n'zosadabwitsa kuti tili nacho, poti anthu a m'chigwa chino amadziwika dziko lonse ndi kukopera. Pamenepo mbiri ya agogo athu inatibwerera kumaso. A Duilio anakanda pulasitala, anathira pa thabwa, anatenga msomali n'kulemba monga ankalembera, A wamkulu, kupuma, kadontho, Secco. A Pulofesa anawerama, anayerekeza ndi chithunzi cha m'buku mwawo, n'kuyamikira kuti bambowa aphunziranso kukopera saini ya mmisiri.

Apa ine sindinathenso kupirira.

"A Pulofesa, inu mwaphunzira, ndiyankheni. Mwaonapo nyale ya diresi lobiriwira yolembedwa Secco? Imodzi yokha? Zonse zolembedwa ndi za mkuwa, si choncho? Chifukwa mawuwo ankalembera ine, kuti ndisathire mafuta. Secco wanuyo si munthu, ndi uthenga wa kwa Velia."

A Pulofesa sanali chitsiru, ndiwapatse zimenezo. Ndinaona akuyenda m'mutu mwawo nyale ndi nyale, zonse zimene anazigwirapo, ndipo pofika kumapeto makutu awo anali atafiira. Anakhala pansi pa mpando wa mlonda. Anafunsa za mphuno, tinawauza za chikombole chotha. Anafunsa za chala, tinawauza za nsapato. Sanalembe chilichonse. Anatipempha kuti tisauze munthu kwa masabata awiri, ndipo anapita osadya nkhomaliro imene Ademaro anawakonzera.

Ine ndinkayembekeza kuti abwera ndi kupepesa. Anabwera ndi buku lachiwiri lili kale m'mutu. Anakhala m'khitchini mwa a Duilio, Ademaro ali pambali, n'kufotokoza kuti atafufuza mozama atulukira chinthu chachikulu, kuti A. Secco linali dzina lobisalira la mmisiri wodzichepetsa wa kumapiri, amene akadali moyo. Venezia achotsamo, dona achotsamo, kachikwangwani kalembedwanso ndi dzina la Argia monga mkazi wapaukwati. Chofunika chinali chimodzi. A Duilio aime pamaso pa anthu ndi atolankhani, avomere kuti dzinalo analisankha dala, kuti chala anachichotsa dala, kuti mphuno anaifewetsa dala. Za chikombole chotha, nsapato ndi mafuta, asatchule mpaka kumanda. Akakana, buku loyamba likhala momwe liliri, ndipo anthu aona kuti akhulupirire ndani pakati pa yunivesite ndi nkhalamba ya wilibala.

Alendowo atapita ndinawakalipira alamu anga monga sindinawakalipirepo. Ndinawakumbutsa angelo onse amene anaswa chifukwa cha kabowo kosaoneka, ndinawafunsa ngati munthu amene sananamepo pa ntchito akayambe kunama ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri, atavala tayi. Anandimvetsera akusenda mbatata.

"Wamaliza, mlamu? Ine dzina langa sindinalifunepo pa nyale, angalitenge. Chikombole chilibe khutu, sichimva zimene akunena ku bala. Koma uja ali kumanda sangadziyankhire, ndipo pakamwa pake ukupadziwa. Ndikapita ndikamupeze akutchedwa chibwenzi, ndikamuuza kuti chiyani? Kuti ndinkateteza ulemu wa pulasitala?"

Ine ndinangowauza kuti akusenda mbatata mowononga.

Mwambo unachitika Lamulungu masana. Kunali gulu la malipenga, Ademaro atavala lamba wa umeya, wansembe, ndi anthu a makamera ochokera ku Lucca. A Duilio anawaveka suti ya malemu mchimwene wawo, batani limodzi lokha ndi limene linafika. Fosco anakhala kutsogolo atasamba, akuuza aliyense kuti iye ankadziwa kuyambira kale. A Pulofesa anawatchula kuti mmisiri wamkulu kasanu ndi kawiri, kenako anayamba mafunso amene anakonza kale, mayankho ake atawaloweza nawo a Duilio kwa masiku atatu.

Funso loyamba linali la chilembo A. Yankho lokonzedwa linali lakuti chikuimira chiyambi cha zinthu zonse. A Duilio anayang'ana pansi n'kunena kuti A ndi Argia. A Pulofesa anaphethira, koma anthu anaomba m'manja, nawonso anaomba. Pa za chala anabwereza zimene anawaphunzitsa, kuti palibe chikondi chokwana, ndipo anazinena ngati mwana wonena pemphero la Chilatini. Kenako linafika funso la mphuno, chifukwa chimene nkhope inkafewera chaka ndi chaka. Anayenera kunena za zowawa za nkhondo. Koma anasiya zimene analoweza, moti Ademaro anayamba kutuluka thukuta.

"Atamwalira ndinayamba kuiwala nkhope yake," anatero a Duilio. "Manja ankangoumba zimene zatsala."

Azimayi analira, ngakhale mkazi wa wometa tsitsi. A Pulofesa analemba mofulumira, ndipo mawu amenewo ndi amene ali pachikuto cha buku lachiwiri. Ine ndinakhala manja ali pachifuwa, chifukwa ndimadziwa kuti mphunoyo inali itabulungira kale mu 1950, Argia ali wamoyo, akukalipa pakhomo la shedi kuti tamusandutsa mbatata. Nsalu inachotsedwa pa kachikwangwani katsopano, ndipo ndinawawerengera alamu anga pang'onopang'ono: Argia Lenzini, mkazi wa mmisiri, wa kuno ku Limaia. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo mudzi wonse unkawatcha a Secco, munthu amene sankaona nsapato zake chifukwa cha mimba, ndipo ankavomera.

Tsiku la mwambolo, phwando la ku bala anakana. Tinakwera limodzi masitepe opita kumtunda kwa mudzi, dzuwa lili pamutu, iwo akupumira pa sitepe yachitatu iliyonse. Ndinawauza kuti ndakhala nawo zaka makumi asanu osadziwa kuti ndi katswiri wa bodza chotere, kuti akanayamba kale akanakhala meya. Sanaseke. Anaima, anamasula batani lija, n'kugwira khoma.

"Velia, iwe unkamupaka nkhope tsiku ndi tsiku, ndiponso munakulira limodzi. Mphuno ija inali bwanji kwenikweni?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwanyoze, poti ndani angaiwale mphuno ya Argia, imene inkafika m'nkhani za eni mwiniwake asanafike. Ndinamufuna m'mutu mwanga, ali pakhomo la shedi, ali pa mtsinje, ali pa bedi lomaliza lija. Mawu ake ndinawamva bwinobwino. Koma nkhope imene inabwera inali ya panyale, yosalala, ya mkuwa, imene ndinaikhula kambirimbiri ndi manja angawa. Ndinachita mantha.

Ndinawauza kuti inali yaitali, yosongoka. Anagwedeza mutu, anakweza chala chachikulu m'mwamba ngati akufuna kuiumba pa mphepo, kenako anachitsitsa. Tonse awiri tinadziwa kuti ndangobwereza zimene a Pulofesa analemba za nyengo yotayika. Tinakwera masitepe otsalawo, ndipo titafika anapita kukapatsa nkhuku madzi.